Zimbale zoyamba za Genesis, Yes ndi Jethro Tull

Amene adalidziwa gulu la Genesis kudzera m'nyimbo zake zitalizitali za m'ma 1970 angadabwe atamva chimbale chake choyamba, From Genesis to Revelation, chomwe chidatuluka mu 1969. Nyimbo zake n'zazifupi ndi zofatsa. Anyamatawa adakumana kusukulu ya Charterhouse ku England, ndipo Phil Collins anali asanalowe m'gululo. Chimbalecho sichidayende malonda, moti masitolo ena, poona dzina lake, adachiika pamodzi ndi nyimbo zauzimu.

Jethro Tull idayamba ndi blues pa chimbale cha This Was mu 1968. Koma woimba gitala Mick Abrahams, yemwe ankakonda blues, adasemphana maganizo ndi Ian Anderson n'kuchoka, ndipo chitoliro cha Anderson chidatsogolera gululo kwina.

Mwa atatuwa, Yes ndiyo idaonetsa msanga komwe ikulowera. Pa chimbale chake cha mu 1969 idatenga nyimbo ya The Beatles, "Every Little Thing", n'kuitalikitsa ndi kuisanja mwatsopano. Besi ya Chris Squire idali itayamba kale kumveka patsogolo, ngakhale Steve Howe ndi Rick Wakeman adadzabwera pambuyo pake.