Chifukwa Chake Nyama Yakutchire Siwoloka Malire Mwachisawawa

Amene tinakulira ku Songani timaudziwa bwino msewu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde. Nthawi zina m'mbali mwa msewuwu mumaima mnyamata atanyamula kamba kapena kamwana ka pusi komanga chingwe m'chiuno, n'kumakaonetsa kwa oyendetsa galimoto. Ukamufunsa amakuuza kuti anamva zoti kunja nyamazi n'zodula kwambiri. Zimene anamvazo si zabodza. Ku America, chinkhwe chotuwa cha ku nkhalango za ku Congo, chimene chimatengera mawu a munthu, chimagulidwa ndi madola oposa 1,000. Koma chimene mnyamatayo sadziwa n'chakuti ndalama zimenezo sizingafike m'thumba mwake, pomwe mlandu wake ungamufike.

Tiyambe ndi mtengowo. Munthu wa ku London kapena ku Berlin akamagula nyama yachilendo yoti aziweta, salipira nyama yokha. Amalipira ziphaso za boma, dokotala wa zinyama amene anaiyeza, bokosi loyenera, ulendo wa pandege, ndi masiku amene nyamayo inasungidwa payokha poonetsetsa kuti ilibe matenda. Amalipiranso zinzake zimene zinafera m'njira, chifukwa wamalonda saluza yekha. Nyama ikakhala yosowa mtengo umakweranso. Wogwira nyama kumudzi ndiye amalandira kochepetsetsa pa onsewa.

Nanga malamulo amati chiyani? Mu 1973 maiko anasainirana pangano ku Washington lotchedwa CITES, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 1975. Malawi analowamo mu 1982, ndipo lero muli maiko oposa 180. Panganoli linaika nyama ndi zomera m'mindandanda itatu. Mu woyamba muli zimene zatsala pang'ono kutha; izi siziloledwa kugwidwa kutchire n'kugulitsidwa kunja, ndipo ngakhale zikamapita kukafufuzidwa pamafunika chilolezo cha dziko lotumiza ndi cha dziko lolandira. Mu wachiwiri muli zimene zingathe ngati malonda sawongoleredwa. Izi zimafuna chilolezo chotulukira. Mu wachitatu muli zimene dziko lina lapempha anzake kuti alithandize kuteteza. Kuno kwathu ziphasozi zimachokera ku nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakutchire.

Mindandandayi imasintha. Pamsonkhano wa ku Johannesburg mu 2016, maiko anagwirizana zokweza chinkhwe chotuwa chija ndi mitundu yonse isanu ndi itatu ya ngaka kupita mu mndandanda woyamba. Pamsonkhano womwewo tiananzikambe ting'onoting'ono ta m'nkhalango za m'mapiri, tonga topezeka ku Mulanje, tinalowa mu wachiwiri, popeza anthu akunja amatikonda kutiweta m'magalasi.

Dziko logula lilinso ndi mpanda wakewake, ndipo kawirikawiri chifukwa chake ndi matenda. Mu 2003 makoswe akutchire ochokera ku Ghana, kuphatikizapo mtundu wa bwampini, anafika ku America kuti akagulitsidwe ngati ziweto. Anapatsira tinyama tina nthenda imene lero imatchedwa mpox, ndipo anthu makumi angapo anadwala. Chaka chomwecho America analetsa kulowetsa makoswe a ku Africa. Mu 2005, chimfine cha mbalame chitavuta, maiko a mu European Union anaimitsa kulowetsa mbalame zogwidwa kutchire, ndipo mu 2007 chiletsocho anachikhazikitsa. Choncho ngakhale munthu atagwira mbalame yokongola bwanji kudambo la Chilwa, khomo la msika waukulu umenewo ndi lotseka. Ziletso zoterezi zimakwezanso mtengo wa nyama zoswedwa mwalamulo, ndipo mtengo wokwerawo ndi umene umakopa ozembetsa.

Apa ndi pamene lamulo lathu limaluma. Mu 2017 Malawi anakhwimitsa lamulo la mapaki ndi nyama zakutchire, ndipo wopezeka ndi nyama zotetezedwa kwambiri, monga ngaka, akhoza kukhala kundende mpaka zaka 30. Kusunga pusi, nyani kapena nyama ina yotetezedwa popanda chilolezo ndi mlandunso, kwa wogulitsa ndi wogula yemwe. Anyani ndi apusi ambiri amene amasamalidwa ku Lilongwe Wildlife Centre anachita kulandidwa kwa anthu oweta kapena ogulitsa m'misewu. Kuti kamwana ka pusi kapezeke pachingwe, nthawi zambiri make amakhala ataphedwa. Ndipo pusi akakula amaluma, n'chifukwa chake ambiri amathera pa unyolo kuseli kwa nyumba.

Kodi ndiye kuti palibe malonda ovomerezeka? Alipo, ndipo chitsanzo chili m'madzi mwathu momwemu. Mbuna za m'nyanja ya Malawi, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala, zimadziwika padziko lonse kwa oweta nsomba m'magalasi. Kwa zaka zambiri zakhala zikutumizidwa kunja kuchokera ku Salima ndi chilolezo cha nthambi yoona za nsomba. M'zithaphwi za m'chigwa cha Chilwa ndi Chiuta mulinso kansomba kofiira mchira kotchedwa Nothobranchius kirki, kamene mazira ake amapirira chilimwe ali m'matope ouma n'kuswa mvula ikagwa. Akunja amakawetanso. Komabe tiyenera kudziwa kuti mbuna zambiri zogulitsidwa kunja lero zimaswedwa komweko, ku Florida, ku Ulaya ndi ku Asia. Mbewu inachoka kuno, phindu lalikulu likukololedwa kwina. Chimene chatsala m'manja mwathu, chimene sangachiswe m'galasi, ndi nyanja, dambo ndi nkhalango zenizenizo.

Zimenezinso n'zosalimba. Nyanja ya Chilwa inalembedwa mu 1996 kukhala dambo loyamba la Malawi lotetezedwa pansi pa pangano la Ramsar, makamaka chifukwa cha mbalame zam'madzi zimene zina zimachokera kutali ku Ulaya ndi ku Asia. Nyanjayi inaphwa mu 1995 ndipo inaphwanso kwambiri mu 2018. Nsomba zikasowa anthu amatembenukira ku mbalame, ndipo njala ikakula ndi pamene mlendo wofunsa za ngaka kapena kamba amapeza omumvera mosavuta.

Ambiri mwa ife posachedwa tikhala tikuima kutsogolo kwa kalasi, mwina ku Domasi, ku Malosa kapena ku Songani komweko. Mwana wa Fomu 2 amene akusowa fizi akhoza kuuzidwa kuti ngaka imodzi ingamulipirire sukulu yonse. Tisangomuuza kuti n'zoletsedwa ayi. Timufotokozere mmene mtengo umapangidwira, amene amadya ndalamazo, ndi amene amagwidwa pa rodibuloko. Akapeza nyama yovulala kapena yosochera, auze mphunzitsi, mfumu, apolisi kapena ogwira ntchito ku Liwonde National Park. Ndipo ife eni tikaona kamwana ka pusi pamsewu, tisakagule ngakhale chifundo chitatigwira, chifukwa ndalama yathuyo ndi imene idzatumize mnyamatayo kuphiri kukagwira kena.