Nyerere ya Pakati pa Bwalo: Mbiri ya Formiga wa ku Brazil



Wolengeza mpira pa wailesi akakweza mawu nafuula kuti chigoli chalowa, dzina limene limatsatira ndi la munthu amene wagwedeza ukonde. Dzina lomwelo ndi limene limatuluka m'nyuzipepala m'mawa mwake, ndipo ndi lomwenso ana amalimbirana posewera mpira wachikulunga pabwalo la sukulu. Komatu mpira usanafike pa phazi la wogoletsayo, pamakhala wina amene waulanda kwa adani, waukhazika pansi, nayang'ana mnzake amene waima pabwino. Lero tikamba za munthu wotere, mayi wa ku Brazil amene adagwira ntchito imeneyi m'timu ya dziko lake kwa zaka 26.

Dzina lake lenileni ndi Miraildes Maciel Mota, koma dziko lonse limamudziwa ndi dzina lakuti Formiga. Inu a ku Dedza, Ntcheu, Mwanza ndi Mulanje, amene mumamvako Chipwitikizi cha anzathu a ku Mozambique, mwazindikira kale kuti liwu limeneli litanthauza nyerere. Adamutcha chotero kaamba ka kaseweredwe kake, popeza ankapezeka paliponse pabwalo, osatopa, ndipo ankagwirira ntchito gulu lonse monga zichitira nyerere posenza chakudya.

Tisanalowe m'mbiri yake, tiyambe talongosola ntchito ya wosewera pakati, kuti amene sadapenyepo mpira bwinobwino atsatire nkhaniyi. Timu ya mpira wamiyendo imakhala ndi osewera 11. Pagolo pamaima goloboyi, patsogolo pake pali otchinga kumbuyo, ndipo kufupi ndi golo la adani kuli osewera kutsogolo amene udindo wawo ndi kumwetsa zigoli. Pakati pa magulu awiriwa ndi pamene pamakhala osewera pakati. Ena mwa iwo amapendekera kutsogolo kukathandiza kusaka zigoli, pamene ena amatsalira chakumbuyo kuteteza otchinga. Formiga kawirikawiri ankasewera malo achiwiriwa. Anthu a ku Brazil amatcha wosewera pamalo amenewa volante, liwu limene m'Chipwitikizi litanthauzanso chiwongolero cha galimoto.

Wosewera pamalowa ali ndi maudindo atatu. Woyamba ndi kulanda mpira, ndipo wodziwa ntchito yake sadikira kuti alimbane ndi mdani mwendo ndi mwendo. Amayang'ana kumene mdaniyo afuna kuponya mpira, nathamangira kukaima panjirapo mpirawo usanadutse. Wachiwiri ndi kugawa mpira. Akaulanda, ayenera kudziwa nthawi yomweyo ngati mpoyenera kuuponya msanga kutsogolo, kapena kuubweza kumbuyo kuti anzake apezeko mpweya. Wachitatu ndi kutseka mipata. Mnzake wotchinga kumbuyo akathamangira kutsogolo, malo ake amatsala pululu, tsono wapakatiyu ndiye amapita kukaimapo kufikira mwini wake atabwerera. Pa mphindi 90 za masewero, wosewera pakati wa m'matimu akuluakulu amathamanga mtunda wa makilomita 10 kapena kuposerapo, umene munthu woyenda pansi amatha pafupifupi maola awiri. Zonsezi zikachitika bwino, wopenya saona chachilendo. Amazindikira kufunika kwa munthuyu tsiku limene sadasewere, adani akamangodutsa pakati ngati pamsewu.

Formiga adabadwa pa 3 Malichi 1978 mumzinda wa Salvador, m'chigawo cha Bahia, kumene anthu ambiri ndi zidzukulu za Aafirika amene adatengedwa pa ukapolo. Chodabwitsa nchakuti pa tsiku limene iye ankabadwa, lamulo la dziko lake linkaletsa akazi kusewera mpira wamiyendo. M'chaka cha 1941, boma la Pulezidenti Getúlio Vargas lidakhazikitsa lamulo lakuti akazi asachite masewero amene akuluakuluwo ankati ngosayenerana ndi chibadwa cha mkazi. M'chaka cha 1965 boma la asilikali lidalimbitsa lamulolo potchula mpira wamiyendo mwachindunji. Chiletsocho chidachotsedwa mu 1979, Formiga ali khanda, ndipo malamulo oyendetsera mpira wa amayi adadza mu 1983.

Ganizirani, omvera athu, dziko limene panthawiyo linali litatenga kale Chikho cha Dziko Lonse cha amuna katatu, mu 1958, 1962 ndi 1970, dziko la Pelé, koma ana ake aakazi adakhala zaka 38 akuletsedwa kuponda mpira. Lamulo likachoka m'buku, silichoka tsiku lomwelo m'mitima ya anthu. Pamene Formiga ankayamba kusewera ndi anyamata m'misewu ya ku Salvador, alongo ake sankafuna, ndipo nthawi zina ankamumenya kuti aleke. Amene adaima naye ndi amayi ake.

Luso lake silidabisike nthawi yaitali. Ali ndi zaka 17 zokha adasankhidwa kupita ku Sweden ku mpikisano wa Chikho cha Dziko Lonse wa 1995. Chaka chotsatira, mpira wa amayi udalowa koyamba m'masewero a Olimpiki mumzinda wa Atlanta ku America, ndipo iye adali komweko, Brazil nithera pa nambala 4. Kuchokera pamenepo sadaphonyepo. Adasewera m'mipikisano isanu ndi iwiri ya Chikho cha Dziko Lonse, ya 1995, 1999, 2003, 2007, 2011, 2015 ndi 2019, ndipo adali munthu woyamba, mwamuna kapena mkazi, kufika pa chiwerengero chimenechi. Ku Olimpiki nakonso adapita kasanu ndi kawiri: Atlanta, Sydney, Athens, Beijing, London, Rio de Janeiro ndi Tokyo.

Wina angayese kuti munthu wa mbiri yotere adakhala pa mtendere m'kalabu imodzi yolemera. Sizidatero ayi. Kwa zaka zambiri ku Brazil kudalibe ligi yokhazikika ya amayi, ndipo makalabu ankayambitsa timu ya amayi chaka chino, chaka chamawa nkuithetsa. Ligi ya dziko lonse imene ilipo tsopano idayamba mu 2013, Formiga ali kale ndi zaka 35. Nchifukwa chake moyo wake udali wosamukasamuka. Adasewerapo m'makalabu angapo a kwawo, kuphatikizapo São Paulo ndi Santos. Adapita ku Malmö m'dziko la Sweden. Mu 2009, pamene ligi yatsopano ya amayi idatsegulidwa ku America, adalowa timu ya FC Gold Pride, ndipo mu 2010 adasamukira ku Chicago Red Stars. Ligi imeneyonso sidakhalitse, idatha itangoyenda zaka zitatu. Atabwerera kwawo adasewerera São José, kumene adatenga chikho cha makalabu a ku South America, chotchedwa Copa Libertadores, mu 2011, 2013 ndi 2014.

Tsono tifike pa mbali yowawa ya nkhaniyi. Kuyambira 2004 kufikira 2008, timu ya amayi ya Brazil idali imodzi mwa matimu oopsa pa dziko lapansi. Kutsogolo kudali Marta ndi Cristiane, ndipo kumbuyo kwawo kudali Formiga, wowalandira mpira ndi kuwapatsira. Katatu konse timuyi idafika mu ndime yotsiriza, ndipo katatu konse idabwerako manja ali m'khosi. Ku Athens mu 2004 idagonja kwa America 2 kwa 1 m'nthawi yowonjezera. Mu 2007 ku China, itathambitsa America 4 kwa 0 mu semifainolo, idagonja kwa Germany 2 kwa 0 mumzinda wa Shanghai. Ku Olimpiki ya Beijing mu 2008 idakumananso ndi Germany, pamasewero olimbirana malo mu ndime yotsiriza. Germany idatsogola, ndipo amene adabweza chigolicho chigawo choyamba chili pafupi kutha adali Formiga. Brazil idapambana 4 kwa 1, koma patapita masiku ochepa idagonjanso kwa America 1 kwa 0 m'nthawi yowonjezera. Choncho mayiyu ali ndi mamendulo awiri a siliva a Olimpiki, koma golide wa Olimpiki ndi Chikho cha Dziko Lonse sadazigwirepo. Golide amene adapata ndi wa masewero a maiko a ku America, otchedwa Pan American Games, mu 2003, 2007 ndi 2015.

Marta adasankhidwa kasanu ndi kamodzi kukhala wosewera wamkazi wopambana pa dziko lonse, ndipo ulemuwo udamuyenera ndithu. Formiga sadalandirepo mphoto imeneyo. Umu ndi mmene mpira umagawira ulemu: zigoli zimawerengeka, pamene mpira wolandidwa pakati pa bwalo saukumbukira ndi ambiri. Komabe aphunzitsi a timu ya Brazil ankasintha, uyu kuchoka uyu kubwera, ndipo aliyense polemba maina a osewera ankalembanso dzina la Formiga. Umboni woposa pamenepa ngovuta kuupeza.

Osewera ambiri amapachika nsapato asanafike zaka 35, makamaka apakati, chifukwa cha mtunda umene amathamanga. Formiga adagoletsa chigoli pa masewero a Brazil ndi South Korea ku Canada mu 2015 ali ndi zaka 37, nakhala wamkulu woposa onse amene adagoletsapo pa mpikisano wa Chikho cha Dziko Lonse cha amayi kufikira nthawiyo. Itatha Olimpiki ya ku Rio de Janeiro mu 2016, kumene Brazil idathera pa nambala 4 pamaso pa anthu akwawo, adatsanzika timu ya dziko. Koma mpata umene adasiya pakati udaoneka, ndipo mphunzitsi Vadão adamupempha kuti abwerere. Adavomera mu 2018.

Pamenepo nkuti ali ku France. Kalabu ya Paris Saint-Germain idamutenga kumayambiriro kwa 2017 ali ndi zaka 38, msinkhu umene anzake ambiri adali atayamba kale uphunzitsi. Chaka chomwecho kalabuyo idafika mu ndime yotsiriza ya chikho cha makalabu a ku Ulaya mumzinda wa Cardiff, nigonja kwa Lyon pa mapenate. Mu 2021 idatenga ligi ya France koyamba m'mbiri yake, kulanda ufumu umene Lyon idaugwira zaka 14 zotsatizana. Kalabu yomweyi ndi imene mwana wathu Tabitha Chawinga adakaisewerera mu 2023 ndi 2024, Formiga atachokako.

Kodi munthu amakwanitsa bwanji kusewera pakati kufikira msinkhu wotere? Kusamala thupi ndi mbali imodzi. Mbali ina ili m'mutu. Wosewera wachinyamata amathamangira kumene kuli mpira, pamene wokhwima amapita kumene mpirawo ufike. Amene waona masewero mazanamazana amadziwiratu chimene mdani achite poona mmene wapendekera thupi, motero amayenda mapazi asanu pamene wina akadathamanga makumi awiri. Liwiro limatha ndi ukalamba, koma diso lotere limanka likuthwera.

Mu 2019 ku France adasewera Chikho cha Dziko Lonse chake chotsiriza ali ndi zaka 41, nakhala wamkulu woposa onse amene adasewerapo mu mpikisanowo. Ku Olimpiki ya Tokyo, imene idachitika mu 2021, adali ndi zaka 43. Anzathu a ku Zambia akukumbukira bwino mpikisano umenewo, popeza timu yawo ya amayi idali m'gulu limodzi ndi Brazil, ndipo idagonja movutikira 1 kwa 0. Atsikana ambiri a m'timu ya Zambia adali asanabadwe pamene Formiga ankasewera ku Sweden mu 1995. Mu Novembala 2021, mumzinda wa Manaus, adavala malaya a Brazil kotsiriza pamasewero amene adapambana India 6 kwa 1. Adali atasewerera dziko lake masewero oposa 200.

Pamene ankatsanzika, zinthu kwawo zidali zitasintha. Kuyambira 2019, kalabu ya amuna yofuna kulowa mpikisano wa Copa Libertadores iyenera kukhala ndi timu ya amayi. Mu Seputembala 2020 bungwe loyendetsa mpira ku Brazil lidalengeza kuti osewera aakazi ndi aamuna azilandira ndalama zofanana za tsiku ndi tsiku akaitanidwa ku timu ya dziko. Mu 2024 dziko la Brazil lidasankhidwa kuchititsa mpikisano wa Chikho cha Dziko Lonse cha amayi wa 2027. Zambiri mwa izi zidafika Formiga ali kumapeto kwa ulendo wake, ndipo amene adzadye zipatso zake ndi ana amene akubwera m'mbuyomu. Sitinganene kuti adazichita yekha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma pa zaka zonse zimene mpira wa amayi ku Brazil udalibe ligi, udalibe ndalama, ndiponso udalibe oupenya ambiri, iye sadachoke pabwalo.

Tsono omvera athu, tsiku lina mukamamvera mpira pa wailesi ino, kapena mukakapenya atsikana a sukulu ya kwanuko akusewera, musamangodikira dzina la wogoletsa. Tcherani khutu ku dzina limene wolengeza akulitchula kawirikawiri mpira ukamachoka kwa adani kubwera ku timu yanu. Yang'anani mwana amene akubwerera kudzatseka mpata anzake onse atathamangira kutsogolo. Ameneyo ndiye wagwira chiwongolero, ndipo masewero akatha ayenera kumva mawu oyamikira kuchokera kwa aphunzitsi ndi makolo ake.