Liwiro la Mpira Si Mtengo wa Munthu

Tsiku lina pa Kamwendo, kuno ku Mchinji, tikuonera tenisi pa kanema, bambo ena ogula mtedza anati: "Akaziwa azilandira theka basi, mpira wawo ngofooka." Anthu anaseka. Ine sindinaseke, poti mwana wanga wamkazi anali pomwepo, khutu lili tcheru.

Zoona, pa mpira woyambira uja amati sevu, kusiyana kulipo. Mu 2016 John Isner wa ku America anamenya sevu yothamanga makilomita 253 pa ola. Sabine Lisicki wa ku Germany, mu 2014, anafika pafupifupi 211. Palibe zamatsenga apa: Isner ngwamtali kuposa mamita awiri, ndiye mpira umachokera m'mwamba n'kudutsa ukonde mosavuta. Mapewa a amuna nawonso ngamphamvu. N'chifukwa chake amuna amapeza mapointi ambiri ndi sevu yokha, pomwe kwa akazi wolandira amabweza kawirikawiri, mpira n'kukoma.

Nanga malipiro? Mpikisano wa US Open unayamba kulipira amuna ndi akazi mofanana mu 1973. Wa Wimbledon unazengereza mpaka 2007. Paja oonera amalipira kuti aone kulimbana, osati liwiro lokha.

Ndinawafunsa: "Bambo, mayi akasenza thumba la mtedza pamutu, mwamuna n'kubweretsa lake panjinga mothamanga, sikelo yanu imawerenga mosiyana?"

Anangoti kukamwa yasa. Kenaka anayankha motsitsa mawu: "Kilo ndi kilo."

Mwana wanga anamva zimenezonso.