Maso a Agogo Anu ndi Dokotala wa pa Chipatala Chaching'ono

Achinyamata anzathu, ife alangizi a zaumoyo tikamayenda m'midzi timakumana ndi akuluakulu ambiri odandaula kuti maso achita chifunga. Ambiri amangoti ndi ng'ala. Ng'ala imachotsedwa ndipo munthu amayambanso kuona. Koma pali matenda ena otchedwa glaucoma, omwe akaononga diso palibe dokotala angabwezeretse kuonako.

M'kati mwa diso muli timadzi tomwe timapangidwa nthawi zonse, n'kumatuluka kudzera m'tinjira ting'onoting'ono. Tinjirati tikatsekeka, timadzi timachuluka ndipo diso limalimba ngati mpira wopopa kwambiri. Mtsempha wotumiza zithunzi ku ubongo umayamba kufa pang'onopang'ono. Chovuta n'chakuti nthawi zambiri sizipweteka. Munthu amayamba ndi kusaona za m'mbali: kugunda chitseko, kupunthwa pa mtondo, kusaona njinga yobwera chakumbali. Akamadzadandaula, mtsempha umakhala utaonongeka kale. Matendawa amagwira kwambiri ife anthu akuda, ndipo amayenda m'magazi.

Madokotala a maso ndi ochepa m'dziko muno. Amapezeka m'zipatala monga Lions Sight First ku Queen Elizabeth mu Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Nkhoma. Agogo a kumudzi sayambira kumeneko ayi. Woyamba kuwaona ndi dokotala wa pa chipatala chaching'ono, yemwe uja amawayeza BP ndi shuga.

Nanga iye angachitenji, poti nthawi zambiri alibe chipangizo choyezera kulimba kwa diso? Amafunsa ngati pamtundu pali wina amene anachita khungu. Amawerengetsa zilembo za pakhoma diso limodzilimodzi, amaunika ndi tochi, kenako amalemba m'buku lakuchipatala kuti akaonedwe ndi wa maso pa chipatala cha boma. Aliyense wopitirira zaka 40 yemwe bambo, mayi kapena mbale wake ali ndi glaucoma ayenera kupempha kutumizidwa, ngakhale akuona bwinobwino.

Mankhwala odonthezera monga timolol amachepetsa timadzi tija, koma sachiza. Amadontheza tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri moyo wawo wonse. Ena akaona kuti maso sakusintha amasiya, osadziwa kuti ntchito ya mankhwalawo ndi kusunga kuona komwe kwatsala. Apa dokotala wakwanuko ndiye amawakumbutsa. Ndi iyenso amadziwa amene ali ndi mphumu, pakuti timolol amatha kubanikitsa munthu wotere. Ena amafunika opaleshoni.

Musati izi n'za okalamba okha. Chomwe chimatidetsa nkhawa ife ndi anyamata ndi atsikana omwe maso akamayabwa amangogula kabotolo kodonthezera popanda kuonana ndi dokotala. Mankhwala okhala ndi dexamethasone kapena betamethasone amaziziritsa diso msanga, koma ukawadontheza masabata ambiri amatha kuyambitsa glaucoma ngakhale kwa mwana wa sukulu. Mashingozi otuluka pamphumi ndi pamphuno, omwe amavuta kwambiri chitetezo cha m'thupi chikatsika chifukwa cha HIV, nawonso amatha kulowa m'diso n'kulilimbitsa. Amenewo musagone nawo. Diso likafiira mwadzidzidzi, n'kumapweteka kwambiri, mutu kuwawa ndi kusanza, pitani tsiku lomwelo.

Ku kalabu kwanu sabata ino funsanani: ndani ali ndi agogo omwe ayamba kugunda zinthu? Aperekezeni, ndipo musaiwale buku lawo lakuchipatala. Ngati anapatsidwa kale mankhwala odonthezera, tengani ndi kabotolo komwe.