Kodi mumadziwa? Ndakatulo zimene zinabadwira pakasupe

Kodi mumadziwa kuti ku Mangalande kunali mabuku a ndakatulo zolembedwa ndi anthu amene anapita kukamwa madzi? Zaka 300 zapitazo, chilimwe chikafika, anthu a ndalama ankachoka mu London kupita kumatauni a akasupe monga Tunbridge Wells, Bath, Epsom ndi Scarborough. Ankakhulupirira kuti madzi a kumeneko amachiza. Munthu ankamwa makapu angapo m'mawa, tsiku lonse n'kukhala wopanda chochita. Ndiye ankayendayenda, kuvina, kutchova juga, kufunsirana, ndi kulemberana ndakatulo.

Kodi mumadziwa kuti kasupe wa Tunbridge Wells anadziwika mu 1606, pamene Dudley North anaona madzi ofiirira ngati dzimbiri akutumphuka m'thengo? Madziwo ali ndi ayironi wambiri. Mu 1630 Mfumukazi Henrietta Maria inakachezako, ndipo poti nyumba kunalibe, inagona m'mahema.

Kumeneko ndiye kunachokera mabuku ambiri a mtunduwu. Mu 1712 wosindikiza mabuku Edmund Curll anatulutsa The Tunbridge-Miscellany, ndakatulo za anthu osiyanasiyana za chilimwe chimodzi chokha. Kenako kunabwera Tunbrigalia mu 1719, The Scarborough Miscellany mu 1732, 1733 ndi 1734, ndi The Bath Miscellany mu 1741. Nkhani zake zinali za tsiku lomwelo: kutamanda namwali amene wafika dzulo, kudandaula pokanidwa, kunyoza wonyada. Olemba ambiri sankalemba mayina awo. Dzina la wonenedwa ankalibisanso, n'kusiya chilembo choyamba ndi kamzere, koma aliyense amene anali pakasupepo ankadziwa kuti akunena yani. Ine ndikawerenga zimenezi ndimakumbuka nyimbo za pamtondo kwathu kuno ku Neno, pomwe mayi amaimba mosatchula dzina, mlamu wake ali chapatali n'kumva kuti mwala wagwera pake.

Kodi mumadziwa kuti madzi a ku Bath amatuluka pansi ali otentha madigiri pafupifupi 46, ndipo amapitirira malita miliyoni imodzi patsiku? Kasupe wathu wa ku Chiweta ku Rumphi amatentha kuposa pamenepo, amadutsa madigiri 70. Tilinso ndi Mawira ku Nkhotakota, ndi akasupe ena otentha cha ku Liwonde.

Nayi nkhani imene imandisangalatsa kuposa zonse. Ku Batheaston, kufupi ndi Bath, mayi wina dzina lake Anna Miller anabwerako ku Italy ndi mtsuko wakalekale umene unafukulidwa ku Frascati. Anauika m'nyumba mwake n'kuyamba kuitana alendo kamodzi pa masabata awiri. Aliyense ankaponya ndakatulo yake mumtsukomo. Akasonkhana, ankazitulutsa imodziimodzi, kuziwerenga mokweza, ndipo opambana ankawaveka nkhata ya masamba kumutu. Nthawi zina mayiyo ankapereka mawu omalizira mzere uliwonse, mlakatuli n'kudzaza zotsalazo yekha. Aphunzitsi athu a Chichewa atayesa masewera amenewa m'kalasi, ana sangaodzere. Ndakatulozo zinasindikizidwa m'mabuku anayi otchedwa Poetical Amusements at a Villa near Bath, kuyambira 1775 mpaka 1781, chaka chimene mayiyo anamwalira, ndipo ndalama zake zinkathandiza osauka a mu Bath. Akatswiri a zolemba monga Samuel Johnson ndi Horace Walpole ankazinyoza kuti n'zachibwana. Zambiri zinalidi zofooka, sindikana. Koma mumtsuko womwewo ankaponyamo zake Anna Seward, amene pambuyo pake anatchuka monga mmodzi mwa alakatuli aakazi odziwika a nthawiyo.

Kodi mumadziwa kuti buku limodzi la ndakatulo za pakasupe linagulidwa mwamphamvu moti mlembi wake akukumbukiridwa ku Westminster Abbey? Ndi The New Bath Guide la Christopher Anstey, la mu 1766: makalata a m'ndakatulo ochokera kwa banja lakumudzi limene lafika mutauni n'kumadabwa ndi chilichonse.

Kodi mumadziwa kuti Epsom inatisiyira mankhwala? Akuti mu 1618 mbusa anaona ng'ombe zake zikukana madzi a pachitsime china ngakhale kunali chilala. Madziwo anali owawa chifukwa cha mchere umene lero umatchedwa magnesium sulphate. Mchere womwewo ndi umene anamwino m'zipatala zathu amabaya mayi woyembekezera akayamba kukomoka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi.

Ife malo athu opumulirako ndi kunyanja, ndipo nako kwalowa kale m'ndakatulo: Benedicto Wokomaatani Malunga anatipatsa Ndidzakutengera Kunyanja Ligineti. Chimene chimandiwawa n'chakuti zimene zimapekedwa pamjigo, padooko la Lisungwi ndi pamsika wa Zalewa zimatha ndi tsiku lomwelo. Curll ankatolera zake pofuna ndalama basi, komabe chifukwa cha iye tikudziwa zimene anthu ankasekerana pakasupe mu 1712. Kope limodzi ndi cholembera pasukulu iliyonse ya ku Ligowe, Matope kapena Dambe zingakwane kuyambira.