Ntchito ya m'nazale ku Kadoma ndi Chegutu

Nazale ya mbande ndi ntchito imene ikudyetsa mabanja ku Kadoma ndi Chegutu, m'chigawo cha Mashonaland West ku Zimbabwe, komwenso kuli zidzukulu zambiri za Amalawi amene anapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu. Minda ya malalanje ya ku Chegutu imafuna mbande zomezanitsa, pomwe alimi a fodya amafuna bulugama wa nkhuni zowotchera fodya wawo.

Ambiri amaphunzirira pantchito pomwepo. Woyamba kumene amasefa dothi, kulisakaniza ndi mchenga ndi manyowa owolerana, n'kumathira m'machubu. Kenako amaphunzira kufesa, kuthirira ndi keni, kudulira mizu yotulukira pansi pa chubu, ndi kuchepetsa madzi ndi mthunzi kuti mbande zikhwime zisanawokeredwe.

Luso lenileni lili pa kumezanitsa. Mmisiri amacheka khungwa la kamtengo ka mandimu, n'kulowetsamo diso la lalanje, n'kumanga ndi kapulasitiki. Mpeni ukakhala wobuntha kapena wakuda, diso limauma. Wodziwa zimenezi sasowa womulemba ganyu.

Wofuna dipuloma amapita kusukulu ya zaulimi ya Chibero pafupi ndi Norton, kapena ya Gwebi kufupi ndi Harare. Za nkhalango amaphunzira ku Zimbabwe College of Forestry, kufupi ndi Mutare. Omaliza maphunzirowa amakhala akapitawo m'mafamu, alangizi a boma, kapena antchito a Forestry Commission. Ena amatsegula nazale zawozawo, ndipo malonda amatentha mvula ikayamba, makamaka Loweruka loyamba la Disembala, tsiku limene dziko lonse limadzala mitengo.