Kujambula nyenyezi ndi foni nkofuna kudekha

CHIDZOLOMONDO — Mlendo wochokera ku Tete kapena ku Beira akagona kuno mwezi wa Julayi, amadabwa ndi zinthu ziwiri: kuzizira ndi thambo. Kutali ndi magetsi a m'tauni, Mlalang'amba umaoneka ngati ufa wotayikira m'njira. Koma mnyamata akatulutsa foni kuti aujambule, amangopeza mdima wokhala ndi timadontho ngati mchenga. Ena amayesa kuti foni yaonongeka, nkuyamba kuganiza zopita nayo kwa okonza ku Furancungo, kukataya ndalama ya mbatata pachabe. Abale, foniyo ilibe mlandu.

Vuto ndi lakuti kuwala kwa nyenyezi nkochepa, ndiye kamera imafunika kupenya nthawi yaitali. Koma dziko limazungulira madigiri 15 pa ola lililonse, choncho mukapitirira masekondi 15 kapena 20, nyenyezi zimasanduka timizere. Nzeru yake ndi kujambula zithunzi zambiri zazifupi za malo amodzimodzi, kenaka nkuzisanjikiza pa kompyuta kuti zikhale chimodzi. Nyenyezi imapezeka pa chithunzi chilichonse, pamene timadontho tija timasinthasintha malo. Posanjikiza, nyenyezi imalimba ndipo mchenga umazilala. Zithunzi 4 zimachepetsa mchengawo ndi theka, ndipo pa zithunzi 16 umatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Mutu umodzi susenza denga.

Ngakhale akatswiri amachita chimodzimodzi. Mu Disembala 1995, makina a Hubble amene ali mumlengalenga anajambula kachigawo kamodzi ka thambo maulendo 342 pa masiku 10, ndipo atasanjikiza anaona milalang'amba pafupifupi 3,000. Ife tilibe Hubble, koma mapulogalamu osanjikizira monga Sequator, DeepSkyStacker ndi Siril ndi aulere. Chofunika ndi foni yokhala ndi malo olembedwa Pro kapena Manual, ndi mnzanu amene ali ndi kompyuta, kaya mphunzitsi kaya wa ku chipatala.

Tsono mavuto amayambira pomwepa. Loyamba ndi lakuti pulogalamu imakana, nkunena kuti siikuona nyenyezi zokwanira. Kawirikawiri chifukwa chake nchakuti kamera sinalunjike bwino, nyenyezi zatuluka zofufuma ngati thonje. Musaisiye foni kuti idzilunjikire yokha mumdima. Lozani nyenyezi yowala kwambiri, nkusuntha pang'onopang'ono kufupi ndi chizindikiro cha ∞ mpaka nyenyeziyo ikhale kadontho kakang'ono. Komanso dzanja la munthu limanjenjemera. Ngati mulibe choimikira cha miyendo itatu, tsamizani foni pa thumba la chimanga kapena imangirireni pa mtengo wolimba, ndipo tcherani kuti izijambula patapita masekondi atatu mutaisiya.

Lachiwiri, chithunzi chimatuluka nyenyezi zili ziwiriziwiri kapena zopakika. Apa ndiye kuti pakati pa zithunzi zanu pali zina zimene foni inagwedezeka kapena mtambo unadutsa. Ziyang'aneni chimodzichimodzi musanasanjikize, nkutaya zoipazo monga tichitira posankha nyemba zofumbwa. Zabwino 20 zimaposa 60 zosakaniza. Ngati m'chithunzi muli mtengo kapena denga, dziwani kuti nyenyezi zimayenda koma mtengo suyenda, ndiye umatuluka wopakika. Sequator ili ndi malo osonyezera pamene pali thambo ndi pamene pali nthaka.

Lachitatu ndi la kwathu kuno kumapiri: mame. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, ku Tsangano ndi ku Macanga, zithunzi zoyamba zimatuluka bwino koma zotsatira zimachita chifunga chifukwa galasi lanyowa. Liyang'aneni pafupipafupi ndi kulipukuta ndi kansalu kofewa, ndipo kutirani foni ndi sokosi kusiya diso lokha. Kuzizira kumathetsanso batire msanga, choncho yambani moto uli wodzaza.

Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala mdani ndi utsi wa tchire lootchedwa ndi fumbi. Thambo limatuluka lofiirira, ndipo palibe pulogalamu imene ingabweze nyenyezi zobisika ndi utsi. Mwezi nawonso ukawala umaphimba Mlalang'amba. Dikirani masiku amene mwezi uli mumdima, ndipo talikirani moto ndi nyale.

Pali timadontho tina tofiira kapena tobiriwira timene sitichoka ngakhale musanjikize zithunzi 100, chifukwa timachokera m'kamera momwemo. Mankhwala ake ndi awa: mukamaliza kujambula, phimbani diso la kamera ndi nsalu yakuda yokhuthala, nkujambula zithunzi 10 kapena 20 za mdima wokhawokha, osasintha masekondi kapena ISO, muli panja pomwepo. Pulogalamu imagwiritsa ntchito zithunzi zimenezi pochotsa madonthowo.

Chenjeraninso ndi njira yotumizira. Zithunzi zikadutsa pa WhatsApp mwa masiku onse zimafinyidwa, nyenyezi zazing'ono nkutayika, ndalama ya intaneti nayo nkupita. Zisamutseni ndi chingwe kapena kadi, ndipo ngati foni ikulola RAW, sankhani imeneyo. Pomaliza, chithunzi chosanjikiza chimayamba chaoneka chakuda. Musachifufute. Onjezerani kuwala pang'onopang'ono, ndipo mukaona mchenga wayamba kubwerera, lekerani pomwepo.

Nthawi yabwino ya Mlalang'amba ndi madzulo a Juni mpaka Ogasiti, pamene mbali yake yowala kwambiri imadutsa pafupi ndi pamutu pathu. Nsangwe imatulukira kum'mawa madzulo a Novembala, alimi akuyembekezera mvula, ndipo Akamwiniatsatana amaitsatira pambuyo. Masiku amenewo mitambo imavuta, koma mvula ikakata thambo limakhala loyera koposa.

Anthu a m'mizinda ikuluikulu amalipira ulendo kuti akaone mdima umene ife timaugonera pakhomo. Magetsi akamafalikira m'midzi, zimene tonse tikuzifuna, nyenyezi zina zidzayamba kubisika. Choncho chithunzi chikatuluka bwino, pitani nacho kwa agogo, akuuzeni maina a nyenyezizo ndi zimene ankaonerapo, inu nkulemba. Usiku woyamba mwina mudzalephera, wachiwirinso. Paja akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.